Nsapato ya Kumanzere

"Iwe, lavula! Pepala si chakudya chako!"

Mzime ankakalipira makina ojambulira mapepala ngati akukalipira mwana wosamva. Anali ataiwala kuti m'shopumo muli kasitomala. Potembenuka anapeza mnyamata wamtali, wa malaya osasita, akuseka mpaka kugwira kauntala.

"Mukuseka chiyani? Ndi mapepala anu omwe akutafunidwawa."

"Asiyeni atafunidwe, achemwali. Bola makinawo awakonda. Anthu awakana kale."

Mnyamatayo anali mlembi wa zisudzo. Mapepalawo anali sewero lake, ndipo mkulu wa gulu lawo anali atangomubwezera m'manja.

"Akuti ndimalemba bwino, koma mawu anga ndi obwereka," anadandaula. "Akuti tsamba ili likumveka ngati uje, linali ngati uje, mwiniwakene mulibemo."

"Ndiye mudzifufuze. Kapena munadziiwala m'basi?"

Anasekanso. Mawa lake anabwera ndi pepala limodzi lokha. Mkuja wake analibe ndi pepala lomwe, anangoti akudutsa. Kudutsa kwanji kokhala pa mpando mpaka nthawi yotseka shopu?

Mtsikanayu kwawo ankamutchula Mzime poti anali womaliza kubadwa, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka kuntchito. Iye naye anangomupatsa mnzakeyo dzina la ntchito yake: Mlembi. Sipanatenge nthawi, "inu" uja anasanduka "iwe", ndipo foni ya Mzime inasiya kupuma.

"Kamtima kanga, dzulo basi inandipitiriza pa siteji yathu. Kondakitala akufunsa kotsikira, ine ndatchula dzina lako."

"Wapamtima, usadzandisiye. Ukadzandisiya ndidzakhala nyumba yopanda chitseko, mphepo yokha ndiyo izidzalowamo."

Ndi mtsikana uti angawerenge zotere mtima osasungunuka? Mzime ankawerenga, kubisa foni, kuitulutsanso. Ndipo akangowerenga, Mlembi ankaimba.

"Wauona uthenga wanga? Wamva bwanji? Pakukhudza ndi pati kwenikweni, pa chitseko paja kapena pa mphepo?"

"Ponse, iwe! Ukufuna ndichite kukulembera mayeso?"

Mzime ankati mumtima: koma mwamuna uyu amasamala! Ena amangotumiza uthenga basi, uyu amafuna adziwe mpaka pamene msozi wagwera.

Tsiku lina mvula inawatsekera pa khonde la kuseri kwa shopu nthawi ya chakudya chamasana. Mlembi anamugwira dzanja.

"Iwe umaseka kwambiri, koma maso akowa samaseka nawo. Chimakudya n'chiyani, shuga wanga?"

Mzime anaulula chimene anali asanauzepo munthu, ngakhale achemwali ake obadwa nawo bere limodzi.

"Ndili mwana, ndinamva bambo anga akuuza munthu kuti mawa akuchoka, sadzabweranso. Ndinatenga nsapato yawo ya kumanzere n'kuibisa kunsi kwa matiresi anga. Nzeru zachibwana. Ndinkati munthu sangachoke ndi nsapato imodzi."

"Ndiye?"

"M'mawa anaifuna nyumba yonse. Anagwira amayi pa khosi. Akuti, 'Wandibisira nsapato kuti ukandichitire mankhwala!' Amayi analumbira, analira, anagwada. Ine ndili pa khomo, pakamwa pangouma. Bambo anachoka atavala patapata. Achibale awo mpaka lero amawatchula amayi kuti mfiti."

Misozi inali itafika pa chibwano.

"Amayi sadziwa. Amati mwina inabedwa. Nsapatoyo ndikadali nayo m'chikwama cha zovala zakale. Ndimafuna kuwauza, koma ndikawayang'ana ndimaopa. Ndidzawauza ndekha, tsiku langa likadzakwana."

Mlembi anamukumbatira zolimba.

"Izi zathera pano, mtima wanga. Ndikulonjeza. Sizidzatuluka pakamwa panga mpaka kumanda."

Mzime anapuma ngati watula mtolo. Tsiku limenelo ndi limene anamukonda kotheratu, osasiyako kena.

Patapita masabata angapo Mlembi anatulukira akuthamanga, thukuta lili kamukamu.

"Alilandira! Mkulu uja walilandira sewero langa latsopano! Akuti tsopano akumva munthu akupuma m'kati mwa mawu!"

"Bweretsa ndikujambulire, ndiliwerengeko."

"Ayi, kamtima. Ili ndajambulitsa kwina. Ndikufuna udzadabwe tsikulo. Mpando wako ndi wa kutsogolo."

Mzime sanaganize zambiri. Anaganiza chimodzi chokha: tsiku limeneli ndi loyenera kuti amayi amuone mnyamatayu. Amuone anthu akumuwombera m'manja, osati ali ndi malaya ake osasita aja.

Loweruka masana amayi anavala diresi yawo ya buluu imene ankaisungira maukwati. Holo inali yodzaza, yotentha, ena ataimirira m'mbali mwa khoma. Anakhala kutsogolo, amayi atagwira dzanja la mwana wawo.

"Ali kuti apongozi angawo?" ananong'oneza.

"Dikirani, amayi. Muwaona pomaliza."

Nsalu inatseguka. Mnyamata wa m'sewero anagwada pamaso pa mtsikana.

"Ukadzandisiya ndidzakhala nyumba yopanda chitseko!"

Atsikana m'holomo anakuwa. Mzime anazizimuka. Si uthenga wake uja? Unatsatira wa basi, unatsatira wina, unatsatiranso wina, ndendende mmene mauthengawo analili m'foni mwake. Amene anamuliza onse analimo. Amene anangowayankha kuti "zikomo" munalibe. Kodi mafunso onse aja a "pakukhudza ndi pati" anali a chikondi, kapena ankamuyeserapo ngati telala woyesa diresi pa chidole?

Anadzilimbitsa mtima. Mwina ndi njira yake yolengezera dziko kuti amandikonda, anatero.

Kenako magetsi anasintha. Pa nsanja panali bedi. Mtsikana uja anatulukira atavala ngati kamwana, akunyang'ama, atafumbatira nsapato ya bambo. Anakweza matiresi n'kuiponya kunsi.

"Munthu sangachoke ndi nsapato imodzi," anauza anthu.

Holo yonse inafa ndi phwete. Mzime anamva ngati amuvula pa msika.

Bambo wa m'sewero analowa akudumphira mwendo umodzi. Anthu anasekanso. Koma atagwira mkazi wake pa khosi, phwete lija linazima.

"Wandibisira nsapato kuti ukandichitire mankhwala!"

Dzanja la amayi linauma. Pang'onopang'ono linachoka m'dzanja la Mzime. Sanamuyang'ane. Maso awo anali pa kamwana kaja, kataima pa khomo, pakamwa patauma.

"Ya kumanzere," amayi anayankhula chapansipansi. "Mzime, unali iwe?"

"Amayi, ndimati ndidzakuuzeni..."

"Zaka zonsezi akunditchula mfiti, iwe uli duu? Ndipo wandiveka diresi kuti ndidzamvere pa gulu?"

Anaimirira, anakonza mpango wawo, n'kudutsa pakati pa mipando osacheuka. Mzime sanawatsatire. Anakhala pomwepo mpaka anthu anaimirira kuwomba m'manja, azimayi ena akupukuta misozi. Misozi yawo inali yokoma. Yake inali yowawa.

Kuseri kwa nsanja kunali chisangalalo chokhachokha. Mkulu wa gulu, bambo wadazi wa mawu aakulu, ankamusisita Mlembi pa msana.

"Awa ndiye mawu ako, mwana iwe! Suja ndinkakuuza? Usadzabwerekenso!"

Mlembi atamuona Mzime anatambasula manja.

"Kamtima kanga! Waona? Anthu alira! Ndadzipeza, ndipo ndi chifukwa cha iwe!"

"Unalonjeza."

"Sindinatchule dzina lako. Palibe akudziwa kuti ndi iwe."

"Amayi anga anali pambali panga."

Nkhope ya Mlembi inagwa.

"Amayi? Bwanji sunandiuze kuti ubwera nawo?"

"Iwe unandiuza kuti ubwera ndi bambo anga pa nsanja?"

"Mvetsa, wapamtima. Ndinayesa kulemba zina, zonse zinali zakufa. Nkhani yako yokha ndi imene inkapuma. Umu ndi mmene ndimalembera tsopano, ndimatenga kwa anthu enieni. Ndimakukonda, Mulungu akudziwa!"

"Mauthenga aja unkalembera ine kapena sewero?"

Mlembi anayang'ana pansi.

"Zonse ziwiri," anatero.

Bwenzi atanama, mwina zikanapepukako. Mzime analira mosabisa, anzake a Mlembi akuyang'ana kumbali.

"Ndinakupatsa chinthu chimene ndinamana mayi wondibala. Ine ndinabisa nsapato kuti bambo anga asachoke. Iwe waitulutsa, ndipo lero amene achoka ndi amayi anga."

Mlembi anadzutsa mutu. M'maso mwake munali misozi, inde, koma munalinso kuwala kwina. Milomo yake inkagwedera, ikubwereza mawuwo chamumtima. Dzanja lake linali litalowa kale m'thumba, likutulutsa foni.

"Wati bwanji? Tabwereza pomalizapo."

Mzime anayang'ana foniyo. Anayang'ana chala chitakonzeka kulemba. Mlembi naye anaiyang'ana, ngati sakudziwa kuti yafika bwanji m'manja mwake.

"Ayi, sindimatanthauza zimenezo! Kamtima, dikira! Nditukwane, ndimenye, nena chilichonse!"

Mawu anali ambiri pakhosi pa Mzime, owawa, oyenera. Anawameza onse. Anapukuta nkhope, anatsegula chitseko cha kuseri, n'kuthamangira ku msewu kumene diresi ya buluu inali kukhota pa ngodya.

Mlembi anakuwa dzina lake mpaka mawu anasasa. Mzime sanamupatsenso liwu ngakhale limodzi.