Dzanja la pa Fulanjipani wa NaBlessmore

Linali tsiku lachinayi mipopi ili youma mulokeshoni ya Mzilikazi, choncho madzulo amenewo Ethel Mbewe anatenga madzi otsukira mbale kukathirira fulanjipani wa pakhomo pake. Ethel anali mayi wamasiye, ndipo mumzere wonse wa nyumbazo ankamutchula kuti NaBlessmore, potengera dzina la mwana wake. Amene anabzala mtengowo anali malemu bambo ake, atangofika kuchokera ku Nyasaland. Unali utapitirira denga, ndipo maluwa ake oyera, achikasu pakati, ankanunkhira mpaka kumsewu.

Akuthira madziwo anaona kuti nthambi ina ya m'munsi yasintha. Nsonga yake inali itaphwatalala ngati chikhatho, kumapeto kwake kuli timphukira tisanu tokhota. Atayandikira anamva fungo la chipinda chomwe mwagona wodwala kwa miyezi yambiri.

Mawa lake anaitanitsa mchimwene wake Lemson, yemwe ankagwira ntchito yosamalira maluwa kumayadi.

"Izi zimachitika, achemwali," anatero Lemson. "Tizilombo tikaluma nsonga, mtengo umakula chophwatalala. Tidule m'munsimu, utomoni uume, basi."

Anaduladi. Utomoni unatuluka woyera ngati mkaka monga mwa nthawi zonse, koma sunaume. Unadontha masiku atatu, ndipo pomwe unkagwera dothi linkada bii, nyerere n'kumapalambalala.

Ethel anayamba kuda nkhawa ndi nthambi zomwe anagawa. Mwezi wa Ogasiti anali atadula zitatu, n'kuziyanika pamthunzi sabata ziwiri kuti mabala aume, kenako n'kupatsa anansi ake: mdala Gibson wa nyumba ya pakona, Sithembile woyandikana naye mpanda, ndi Nobuhle yemwe ankaimba naye kwaya. Onse anazizika mumchenga monga anawalangizira, ndipo zonse zinagwira.

Mphekesera zinayamba kumveka pamzere wa kuchitsime. Ena ankati kukamacha akumapeza zidindo za zala zoyera pamagalasi a mawindo. Ena ankati akumamva kugogoda kofewa, ngati kwa munthu wopanda mafupa m'manja. Agalu analeka kuuwa mumzerewo.

Woyamba anali Gibson. Anamupeza m'mawa atakhala pampando wake wa pakhonde, wailesi ikulira, iye atauma kale. Pakhosi pake panali mizere isanu yoyera yomata. Pafupi ndi mpandowo, kamtengo kake kanali katatambasula chikhatho.

Sabata isanathe, mwamuna wa Sithembile anagwa panjinga pochokera kuntchito ku Donnington, pamsewu wopanda galimoto. Amene anamunyamula anati malaya ake ankanunkha maluwa. Maliro atatha, Sithembile anaima pampanda, nsalu yakuda ili kumutu.

"NaBlessmore, munandipatsa chiyani?"

"Nthambi chabe, makhelwane, mnansi wanga. Inunso munaona ndikudula."

"Yanga yamera dzanja. Ndinaizula dzana, lero yaphukanso pomwepo."

"Sindikudziwa kanthu. Mulungu akundiona."

"Akuoneni ndithu," anatero Sithembile, n'kutseka chitseko.

Kuyambira tsiku limenelo palibe yemwe ankamupatsa moni Ethel. Kuchitsime akazi ankasuntha zigubu zawo iye akafika. Wina analemba mawu akuti umthakathi pageti pake ndi makala, ndipo Ethel, ngakhale Chindebele chake chinali chothyokathyoka, ankadziwa kuti akumutcha mfiti. Anathamangira kwa Nobuhle kukamuchonderera kuti awotche kamtengo kake, koma anapeza anthu akutulutsa mipando panja. Nobuhle anali atamwalira m'mawa womwewo, madzi osamba ali pamoto.

Lemson anabwera Loweruka ndi nkhwangwa ndi khasu. Zasayansi sanazitchulenso. Panthawiyi mtengo waukulu uja unali ndi zikhatho zoposa khumi, zonse zitaloza kumsewu. Anaugwetsa, n'kuudula tizidutswa. Anayesa kuuwotcha, koma fulanjipani wauwisi sayaka, amangofuka utsi wowawa m'maso. Pomaliza anakweza zidutswazo pawilibala n'kukazitaya kudzala la kuseri kwa mzere.

Pokumba chitsa, khasu linagunda chinthu cholimba. Inali nsupa yaing'ono yovekedwa mikanda yakuda, mizu itaifumbatira mbali zonse. Inali yonyezimira ndi mafuta, ndipo mafutawo anali atsopano.

"Ndani amalowa muno, achemwali?" anafunsa Lemson motsitsa mawu.

"Palibe, achimwene. Geti ndimakhoma ndekha."

"Koma alipo amene akuidyetsa. Mafuta awa ndi a dzulodzuloli."

"Mwina anaikwirira ndi bambo kalekale?"

"Bambo anagona zaka makumi awiri zapitazo."

Anayang'ana uku ndi uku. M'mawindo a nyumba zoyandikana makatani ankagwedera, koma nkhope sizinkaoneka. Lemson ananyamula nsupayo ndi dzanja lamanja, n'kuiphwanya ndi mwala. M'kati munalibe kanthu.

Lolemba dzanja lake linatupa. Lachitatu linaphwatalala, zala zitakhota, moti sankatha kugwira supuni. Kuchipatala anamupima n'kumupatsa mankhwala, abusa anabwera kudzapemphera, koma Lachisanu masana Lemson anatsirizika, maso ali pakhomo ngati akuona mlendo akulowa. Anansi ochepa okha ndi amene anabwera kumaliro, ndipo nawonso sanadye.

Ethel anakhoma nyumba, n'kunyamula chikwama chimodzi kupita kwa mwana wake Blessmore ku Lobengula. Anakhala kumeneko mwezi wathunthu osatuluka. Tsiku loyamba kupita kumsika, anaona mayi wina atayala zitini pansi. M'chitini chilichonse munali kachidutswa ka fulanjipani kataphuka masamba.

"Mwazitenga kuti zimenezi, sisi?" anafunsa Ethel.

"Kudzala ku Mzilikazi. Wina anataya mtengo wathunthu, tangoganizani. Zinayamba kumera zokha pamulu pomwepo."

"Musagulitse. Chonde, ziwotcheni zonse."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwachedwa, mama. Izi ndi zotsalira. Zambiri zinapita kale, ena m'mayadi, ena kusukulu, ena mpaka kumudzi."

Ethel anafuna kufotokoza, koma anthu anali atayamba kucheuka, ndipo anadziwa dzina lomwe angamupatse akangotsegula pakamwa. Anachoka.

Mukombi, minibasi yobwerera kunyumba, anakhala pafupi ndi mtsikana woyembekezera, yemwe anali atafukata chitini chimodzi pamiyendo. Nsonga ya kamtengoko inali itayamba kale kutambasuka. Mtsikanayo ankaisisita ndi chala, akumwetulira.

"Akuti imeneyi ndi mbewu yapadera," anatero. "Kodi imagwira msanga, mama?"

Ethel anayang'ana pawindo.

"Imagwira, mwanangu," anayankha.