Mgolo wa Zovala za Malemu

Pakhomo pa Bambo Walter Chikaonda ndi akazi awo, Mayi Rabecca, ku Barking, panali pa mtendere. Bambo ankayendetsa basi, mayi ankasamalira okalamba. Nyumba inali yaing'ono, yalendi, koma m'mawa uliwonse asanabalalike ankaima pakhomo atavala kale majekete, n'kupemphera. Mwana wawo anali mmodzi, Lyson, amene anabwera ku London ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tsopano anali ndi zaka makumi awiri.

Lyson ankafuna chinthu chimodzi: kuyendetsa zimakina zazitali zimene zimakweza makontena m'sitima padoko lalikulu, kumunsi kwa mtsinje wa Thames. Anali atalembetsa kale maphunziro ake. Kuti amutenge pankafunika kalata ya umboni yochokera kwa bwana wake, ndi chikalata cha ku polisi chonena kuti alibe mlandu.

"Padoko salowa munthu wa dzina lakuda," bambo ake ankamuuza. "Dzina lako ndiye chiphaso chako. Ulisunge."

Podikira, mayi ake anamupezera ntchito kwa Bambo Morton, a mumpingo mwawo, amene ankatumiza katundu wa anthu ku Malawi. Shedi yawo inali m'mbali mwa mtsinje, pakati pa mashedi ena akale amene ankagumulidwa mmodzimmodzi kuti pamangidwe nyumba zosanja zamagalasi. Manesi ndi osamalira odwala ankabwera ndi migolo yabuluu imene anadzaza pang'onopang'ono miyezi yambiri: sopo, nsapato, mafoni, mabulangete, mabuku a ana. Pamgolo ankalemba dzina la wolandira ndi penti, n'kukhoma loko. Kiyi wina ankatumiza kumudzi, wina ankasiya kwa Bambo Morton, kuchitira kuti mwina a kasitomu, oona katundu wolowa ndi wotuluka m'dziko, angafune kutsekula. Makiyiwo ankangolendewera pamisomali mu ofesi. Palibe ankawakhomera. Onse anali anthu amodzi.

Mayi Rabecca ankayenda mumpingo monse kuitanira anthu. "Tumizani kwa a Morton. Wolongedza ndi mwana wanga. Ngakhale singano sisowa."

Pashedipo panali mwamuna wina, Kenias, woyendetsa kagalimoto konyamulira migolo. Anabadwira ku Zimbabwe, koma agogo ake anali a ku Dedza. Tsiku lina masana, bwana atapita kudoko ndi mapepala, awiriwa anakhala panja akudya buledi.

"Mfana, ukuwaona anthu a m'magalasi aja?" anatero Kenias akuloza nyumba zatsopanozo. "Chaka chamawa shedi ino kulibe. Aigumula, amangepo zinanso. Iwo adzakhala pakhonde kumwa khofi, iwe ndi ine titatsala ndi msana wowawa."

"Ine ndidzakhala ndili kudoko, achimwene."

"Ndi nsapato zong'alukazo? Akakuona pageti akakupatsa tsache." Kenias anaseka, kenaka anatsitsa mawu. "Tamvera. Mgolo ukachoka pano umatha miyezi itatu. Uyende panyanja, utsike ku Beira, ukwere thiraki, uime pachipata. Manja angati amenewo? Chinthu chikasowa, aliyense amatukwana a ku Beira. Ndani angaganizire mwana wa amayi a mvano?"

Lyson sanachoke. Kenias analowa mu ofesi, n'kutuluka ndi kiyi.

Tsiku limenelo Lyson anatenga botolo la mafuta onunkhira basi. Sabata yotsatira, foni. Kenaka nsapato. Kenias anamuphunzitsa kutseka mpata ndi nsanza kuti mgolo usagwedere. Mwezi usanathe, Lyson ankakatenga yekha makiyi.

Bambo ake anaona nsapatozo.

"Zatsopano izi. Zachokera kuti?"

"Zinali pa selo, adadi."

"Ndakufunsa kuti zachokera kuti, sindinafunse mtengo." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, m'migolo imene ukunyamulayo muli thukuta la anthu. Mzimayi amapukuta manyi a nkhalamba miyezi isanu ndi umodzi kuti adzaze mgolo umodzi. Ukadzatengamo kanthu, udzakhala wabera iyeyo, osati mgolo."

"Inu adadi, mukundiyesa wakuba?"

"Ndikukuyesa mwana wanga. N'chifukwa chake ndikulankhula."

M'mwezi wa Epulo kunabwera mgolo wa Mayi Mable Nyirenda a ku Thamesmead, tsidya lina la mtsinje. Amuna awo, Bambo Evance, anali atamwalira m'Januwale, ndipo mtembo unakaikidwa kwawo ku Ntcheu. Tsopano mayiwo ankatumiza zovala za malemu kuti abale akagawane, monga mwa mwambo. Mayi Rabecca ndi amene anawaperekeza kushedi.

"Lyson, mgolo uwu si ngati migolo ina," anatero mayi ake. "Muli zovala za malemu. Abale akazitsekula onse ali pamodzi, aliyense alandire chake. Kukasowa ngakhale lamba, mlandu ndi wa mayiwa. Uunyamule ngati dzira."

"Musadandaule, Anti," Lyson anauza Mayi Mable. "Ndiuika ndekha m'kontena."

Mayi Mable anasisita chivundikiro cha mgolowo, n'kutembenuka msanga kuti asalire pagulu.

Atangochoka, Kenias anali kale ndi kiyi. Pamwamba penipeni panali pepala la mayina a olandira. Pansi pake panali suti yotuwa, yokutidwa bwino mu pulasitiki, yooneka kuti sinavalidwepo.

"Iyi ayi," anatero Lyson. "Ndi ya malemu."

"Wakufa amavala suti? Ikapita kumudzi, wina akalimira nayo fodya. Iwe uli ndi intavyu kudoko m'Julayi. Upita utavala chiyani, juzi ya amayi ako? Tayesa."

Anayesa. Inamukwana ngati anamuyeza. Kenias anatenga wotchi ndi nsapato, anaponyamo nsanza za m'shedi zopukutira mafuta, n'kubwezera pepala lija pamwamba. Loko anatseka. Loweruka kontena inanyamuka kupita kudoko.

Kumapeto kwa Juni, Mayi Rabecca anafika kunyumba madzulo nkhope itagwa. Anakhala pampando osavula n'komwe nsapato za kuntchito.

"Ndikuchokera ku Thamesmead," anatero. "Mgolo uja wafika ku Ntcheu. Anasonkhana onse, achimwene awo a malemu, alongo awo, adzukulu. Awerenga pepala: suti ya a Nyirenda aakulu. Atsekula, apeza nsanza za mafuta. Ndiye akuti amake Glory awanyoza. Akuti suti anapatsa chibwenzi chawo kuno, mwamuna asanathe n'chaka chomwe m'manda. Awauza kuti asadzapondeko pomanga chiliza."

Glory anali mwana wamkazi wa Mayi Mable.

"Mayi aja sakudya," anapitiriza Mayi Rabecca. "Mbava za ku Beira izi, Mulungu azione. Lyson, unaukhoma bwino mgolo uja?"

Suti inali m'chipinda cha Lyson, kuseri kwa chitseko, masitepe asanu kuchoka pamene mayi ake anakhala. Akanatha kuitenga pomwepo n'kugwada. Nsomba inali patebulo, koma bambo ake anali ataika supuni pansi, akumuyang'ana.

"Ndinaukhoma, amayi," anatero. "Ndi a ku Beira."

Tsiku la intavyu, Lyson anatuluka m'chipinda atavala sutiyo. Mayi ake anaomba m'manja.

"Ee! Bwana wa padoko! Waitenga kuti imeneyi?"

"Pa kaunjika, ku Romford."

"Azungu amataya zinthu zabwino chonchi? Taima apa pali kuwala. Mwetulira pang'ono, iwe, ngati ukupita kumaliro bwanji?"

Anamujambula ndi foni. Lyson atangotsika masitepe, iwo anatumiza chithunzicho pagulu la amayi a mvano, n'kulemba kuti: Mwana wanga akupita ku intavyu lero, timupempherere. Amayi anayamba kuyankha ma Ameni.

Intavyu inayenda bwino. Anamuonetsa zimakinazo pafupi, ndi sitima yaitali ngati msewu wonse wa kwawo. Anamuuza kuti akangobweretsa makalata awiri aja, ayamba m'Seputembala. Anabwerera pasitima ya pamtunda akumwetulira yekha.

Atatsekula chitseko, anapeza Mayi Mable atakhala pabalaza, chikwama chili pamiyendo. Anali atakwera mabasi ndi sitima kuwoloka mtsinje, atavalabe mpango wakuda. Bambo Walter analiponso, ataitanidwa kuchoka kuntchito. Mayi Rabecca anaima pakhomo la khitchini, manja ali m'chiuno.

"Uwauze mayiwa kumene unagula suti," anatero. "Abwera ndi nkhani imene sindikufuna n'komwe kuibwereza. Amake Glory, chisoni chisakupangitseni kunamizira mwana wanga. Masuti otuwa ndi ambiri mu London muno."

"Ambiri, inde," anatero Mayi Mable mofatsa. "Koma mabataniwo ndinasokerera ine. Amuna anga anaigula kuti adzavale Glory akamamaliza sukulu. Sanaivale. Anangoiyesa kamodzi kuchipinda, n'kunena kuti mabatani ake ndi opepuka ngati a malaya a mwana. Ndinachotsa a pajasi lawo lakale, ofiirirawo, n'kuikapo. Batani lachitatulo ndi lobenthuka m'mphepete. Ndinaliona pachithunzi." Anatambasula dzanja. "Mwana wanga, tembenuza thumba lamkati."

Lyson sanasunthe. Mayi ake anabwera okha, akupuma mwaukali, n'kutembenuza thumbalo kuti nkhani ithe. Mkati munali zilembo ziwiri zosokedwa ndi ulusi wobiriwira: E. N.

Mayi Rabecca anakhala pansi pomwepo, pakapeti.

"Ndi ine ndinakuperekezani," anatero. "Ndi ine ndinati singano sisowa. Ndi ine ndajambula." Kenaka anayang'ana mwana wawo. "Unadya nsomba yanga tsiku lija, ine ndikutukwana anthu a ku Beira osalakwa, suti ili kuseri kwa chitseko?"

"Ndi Kenias, amayi, ndi amene..."

"Kenias ndi amene wavala?" anafunsa bambo ake. "Vula."

Anavula pabalaza pomwepo, pamaso pa onse, n'kutsala ndi malaya ndi kabudula wamkati. Mayi Mable anaipinda sutiyo bwinobwino pamiyendo pawo. Kenaka anatulutsa foni n'kuimbira alamu awo ku Ntcheu, pa vidiyo.

"Sindikufuna kupepesa kwako," anauza Lyson. "Ndikufuna dzina langa. Uwauze wekha."

Lyson anagwada kutsogolo kwa foni. Pagalasi panaoneka nkhope ya bambo wachikulire, ndi anthu ena akusuzumira kumbuyo kwawo. Ananena zonse: kiyi, nsanza, wotchi, nsapato. Bambowo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka analankhula kwa Mayi Mable. Anati, "Alamu, takulakwirani. Mudzabwere pachiliza."

Nkhani inafalikira pagulu lomwe lija limene linalemba ma Ameni. Pofika mawa lake, amayi asanu ndi atatu anali pashedi, aliyense akutchula chimene chinasowa m'mgolo wake. Bambo Morton anaitana apolisi. Kenias anali atazimitsa foni, ndipo kumene ankagona anapeza chipinda chopanda kanthu. Koma m'chipinda cha Lyson anapeza mafoni awiri ndi nsapato zija.

Kukhoti Lyson anavomera mlandu. Sanamutsekere, chifukwa kanali koyamba. Anamulamula kugwira ntchito yosalipidwa miyezi ingapo. Koma mlandu wa kuba katundu wa anthu pantchito unalembedwa pa dzina lake. Bambo Morton anakana kulemba kalata ya umboni. "Ndilembe kuti chiyani?" anafunsa. A kudoko anatumiza uthenga wa mizere iwiri wonena kuti malo ake apatsa wina.

Mayi Rabecca anatula pansi udindo wawo kumvano. Amapitabe kutchalitchi, koma amakhala kumbuyo, ndipo sanajambulenso mwana wawo. Suti anakaitenga kwa Mayi Mable n'kukaipereka okha kwa munthu wopita kumudzi pandege, kuti ikafike m'manja mwa alamu aja.

Shedi ija anaigumuladi. Lero pali chinyumba chosanja chimene chikumangidwa, ndipo pakati pa onyamula zinyalala za pamenepo pali Lyson. Anasiya kuba, amapemphera ndi makolo ake pakhomo m'mawa, ndipo Mulungu amakhululuka. Koma sitima ya pamtunda yopita kudoko imadutsa pa Barking tsiku lililonse itanyamula anzake amene anatengedwa kudokoko, iye ali pansi ndi wilibala.

Inu ana amene makolo anu anakubweretsani kuno movutikira, imvani. Anthu athu amasiya makiyi pamsomali chifukwa amakukhulupirirani, osati chifukwa ndi opusa. Wina akakuuzani kuti njira ndi yaitali, mlandu ukagwera ena, mufunseni kuti adzakhala ali kuti tsiku lovula. Katundu wakuba sapita ku Beira. Amatsala kuseri kwa chitseko chanu, kudikira tsiku limene mudzamuvale. Musabe, ngakhale botolo limodzi la mafuta. Lyson anayambira pomwepo.