Diresi Lobiriwira la Opal

Patadutsa masiku asanu chisefukireni mtsinje, Marlee Caudill anali akugonabe m'holo ya tchalitchi, pakabedi kopinda, pakati pa anthu osawadziwa. Nyumba yawo inapita ndi madzi pamodzi ndi nyumba zina zambiri za m'chigwa chimenecho, kum'mawa kwa Kentucky, ku America. Mayi ake, omwe anali namwino, ankachoka m'mamawa n'kubwerako atatopa moti ngakhale kucheza sankatha. Anzake awiri apamtima anali atatengedwa kupita kwa abale awo ku Ohio, ndipo foni yake inali pansi pa matope kwinakwake. Tsiku lonse Marlee ankangokhala pamasitepe a tchalitchi, n'kumayang'ana magalimoto odutsa.

Pabwalo la tchalitchilo panaima lole yaitali ya Akhristu ochokera ku Tennessee amene anadzipereka kudzathandiza. M'kati mwake munali makina ochapira ndi oumitsira zovala. Anthu ankabwera ndi matumba a zovala zamatope, n'kudzazitenga mawa lake zitayera. Woyang'anira ntchitoyo anali Mayi Darlene, mayi wachikulire wa mawu aakulu.

"Iwe mtsikana, masitepe amenewo sathawa ayi!" anakuwa Mayi Darlene tsiku lina. "Bwera kuno udzandithandize kupinda zovala."

Marlee anapita, osati chifukwa ankafuna, koma poti analibe chochita.

"Lamulo ndi limodzi, mwanangu," anatero mayiwo akumupatsa magolovesi. "Chovala chikaonongekeratu timataya, koma tiyambe tafunsa mwini wake. Wamva?"

"Ndamva, mayi."

Lachinayi kunatentha kwambiri, ndipo mzere unafika mpaka kumsewu. Marlee ankalandira matumba n'kumalemba maina osadzutsa n'komwe mutu. Kenaka panafika bambo wina wokalamba, wowonda, chipewa chili m'manja.

"Dzina?"

"Orville Sizemore. Mwanangu, m'thumbamo muli diresi limodzi limene…"

Makina anali kusokosera, ndipo mayi wina kumbuyo anali kudandaula za dzuwa. Mawu otsalawo Marlee sanawamve, ndipo sanafunsenso.

"Chabwino, bambo. Mubwere mawa. Wotsatira!"

Atamasula thumbalo anapezamo mathalauza awiri, malaya atatu, ndi diresi lobiriwira lachikale. Linali litauma gwa ndi matope, long'ambika m'munsi, likununkha mafuta a galimoto. Marlee anayang'ana kumsewu, koma bambo aja anali atapita. Mayi Darlene anali kulimbana ndi makina amene anasiya kutulutsa madzi. "M'holomu muli mulu wa madiresi atsopano amene anthu atumiza," anaganiza choncho, n'kuponya diresilo m'thumba la zinyalala.

Mawa lake m'mawa Bambo Sizemore anali oyamba kufika. Anamasula thumba lawo pathebulo pomwepo, n'kutulutsa zovalazo chimodzichimodzi. Atafika pansi anapisanso dzanja, n'kulikutumula thumbalo.

"Mwanangu, diresi lija lili kuti?"

"Linali litaonongeka, bambo. Lowani m'holomu akupatseni lina, labwino kuposa lija."

Bambowo anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangopindanso zovala zawo pang'onopang'ono.

"Opal, mkazi wanga, analisoka yekha," anatero motsitsa mawu. "Ankalivala Lamlungu lililonse. Madzi anamutenga, ndipo tikumuika m'manda mawa. Ndinakumba masiku awiri m'matope kuti ndilipeze, kuti apite atavala lake."

Anavala chipewa, n'kunyamula thumba lawo, n'kumapita. Marlee anangoti kakasi, manja ali lende. Anamva ngati pansi pagumuka.

Mayi Darlene anali atamva zonse. Anabwera n'kuima pambali pake.

"Unawafunsa?"

Marlee anapukusa mutu. Misozi inali itayamba kale kutsika.

"Kulira udzalira bwino pambuyo pake. Galimoto yotenga zinyalala ibwera masana. Magolovesi ndi awa."

Kuseri kwa tchalitchi kunali chibini chachikulu chachitsulo, chodzaza ndi matumba akuda ofanana okhaokha. Marlee anakwera n'kulowamo yekha. Munali makapeti oola, zotsala za chakudya, ndi ntchentche zosawerengeka. Fungo lake linamusanzitsa kamodzi, koma anapukuta pakamwa n'kupitiriza. Anang'amba thumba lina, kenaka lina. Anyamata ena amene ankatsitsa mabotolo a madzi anamuona n'kuseka.

"Ee, achemwali, chakudya cha m'holo chachepa kodi?"

Marlee anang'amba thumba lina. Mkono wake unachekeka ndi chitini, magazi n'kumayenderera, koma sanaleke. Pamene galimoto ya zinyalala inkakhota pakona, anaona kansalu kobiriwira pansi pa mabokosi onyowa. Analikoka diresilo n'kulikumbatira, matope ndi fungo lomwelo.

Mayi Darlene anayamba am'manga bala, kenaka anamupatsa ndowa ndi sopo.

"Ili si la m'makina, lingathere momwemo. Uchape ndi manja, mofatsa ngati ukusambitsa khanda."

Marlee anasintha madzi kasanu ndi kawiri. Matope anachoka, fungo linatha, ndipo timaluwa toyera tinayamba kuoneka pansaluyo. Mayi Darlene anamuonetsa kasokedwe, iye n'kusoka yekha pong'ambika paja, ngakhale mzere wake unakhota. Koma banga lakuda la mafuta linakaniratu pambali pa diresilo.

Chakumadzulo Mayi Darlene anamutenga pagalimoto n'kukwera naye msewu wokumbika wa m'mphepete mwa mtsinje. Anaima pamalo pamene panatsala maziko okha a nyumba. Pambali pake panali tenti yaing'ono, ndipo Bambo Sizemore anakhala okha pampando wapulasitiki.

"Ine ndikudikira muno," anatero Mayi Darlene. "Mawuwo ndi ako."

Marlee anatsika m'galimoto. Anafika n'kupereka diresilo ndi manja awiri.

"Bambo Sizemore, ndine ndinalitaya. Munayesa kundiuza, koma sindinamvetsere. Pepani kwambiri. Ndalichapa, koma banga ili lakana."

Bambowo analifunyulula pamaondo pawo. Anasisita timaluwa tija ndi chala, kenaka anaona posokedwa paja.

"Wasoka ndiwe?"

"Inde, bambo."

"Opal akanakumasulitsa kuti uyambirenso," anatero, n'kuseka pang'ono. Kusekako kunathera m'misozi, ndipo anakwirira nkhope yawo m'diresimo. Marlee anaima pomwepo, osadziwa choti achite, mpaka bambowo anadzutsa mutu.

"Bangalo lisakuvute. Tidzaikapo manja ake m'bokosimo kuti libisike. Kwanu kwatsala chiyani, mwanangu?"

"Palibe, bambo."

"Ndiye tafanana."

Loweruka, kumanda a pamwamba pa phiri kunali anthu asanu ndi anayi okha, kuwerengera ndi abusa. Banjalo linalibe ana, ndipo anansi ambiri anali atabalalika. Marlee anabwera ndi mayi ake, amene anapempha tchuthi cha maola awiri. Abusa anapemphera, Mayi Darlene anatsogolera nyimbo, ndipo mwambo unatha msanga.

Anthu anayamba kutsika phiri kukadya nyemba ndi mkate wa chimanga kutchalitchi. Marlee atafika pachipata anacheuka. Bambo Sizemore anali atakhala okha pabenchi pafupi ndi manda atsopanowo, chipewa chili pabondo, ngati munthu wosowa kolowera.

"Amayi, tsogolani. Ndikupezani," anatero.

Mayi ake anayang'ana bambowo, kenaka mwana wawo, n'kugwedeza mutu.

Marlee anabwerera. Bambo Sizemore anadzidzimuka atamva mapazi ake pa udzu.

"Sunapite?"

"Ayi, bambo."

"Chakudya chikuthera kumeneko."

"Chithe."

Bambowo anasendera kumapeto kwa benchi n'kumenya ndi dzanja pamalo amene anatsalawo.

"Khala apa, ndikuuze mmene mayi ameneyu anandikanira katatu ndisanamukwatire."

Marlee anakhala pansi n'kutchera khutu.