Makhadi Osataya a Lamont Tolliver

Chaka chimene fakitale ya zitsulo za magalimoto inachotsa shifiti yathu yonse, tonsefe zinatipweteka, koma Lamont Tolliver anali ndi nthenda ina pamwamba pa umphawi: maso ake ankakhalira pakhomo pa mnzake. Nyumba yake ya kufupi ndi msewu wa Seven Mile inkadontha, chotenthetsera m'nyumba chinkatsokomola ngati nkhalamba, ndipo mwana wake Tiana, wa zaka zisanu ndi zinayi, ankagona atavala jekete. Banja lonse linkadalira malipiro a mkazi wake Renita, amene ankasamalira okalamba.

Tsidya lina la msewu kunali msuweni wake Wendell, amene anachotsedwa naye ntchito tsiku limodzi. Wendell ankasewera njuga ya poka pa intaneti, ndipo patatha chaka anagula pikapu. Inali yakale, yadzimbiri kumbuyo, koma kwa Lamont inkawala mpaka kumusowetsa mtendere.

Wendell anali wosakwatira, ndiye Lamlungu lililonse ankadya kwa Lamont. Tsiku lina akunyambita mafupa a nkhuku yokazinga, Lamont anamufunsa chinsinsi chake.

"Palibe chinsinsi, mphwanga," anatero Wendell. "Upatule madola mazana awiri, umenewo ndiye mpamba wako. Patebulo uzikhala ndi madola asanu basi. Ukaluza, mpamba ulipo, mawa ubweranso. Ndiye chachikulu n'ichi: pa maulendo khumi amene akugawira makhadi, asanu ndi atatu uziwataya. Usabetche, ungodikira ena."

"Ndiye ndizingokhalira kutaya tsiku lonse ngati wa galimoto ya zinyalala?"

"Eya. Pang'onopang'ono ndi mtolo."

"Mtolo wanuwo wabereka pikapu yowola, achimwene."

"Yowola yomweyo si imene ukuisuzumira pawindo m'mawa uliwonse?"

Renita anaseka mpaka kutsamwa. Lamont sanaseke. Sabata yomweyo anatenga ndalama ya gasi, nakhala nayo yonse patebulo la akuluakulu, ndipo inatha khofi wake asanazizire.

Amene amadziwa msewu wa Gratiot amaidziwa sitolo ya makandulo ya Mayi Ozella, ngakhale ambiri amanamizira kuti sanaloweko. Mayiyo anachokera kumwera, ku Mississippi, ife tisanabadwe. Kutsogolo ankagulitsa makandulo ndi mafuta onunkhira. Zenizeni zinali kuseri kwa katani. Lamont anapitako masana dzuwa likuswa mtengo, chipewa chili m'maso.

"Ukufuna mwayi wamba, kapena ukufuna kupambana?" anafunsa mayiyo asanamupatse n'komwe mpando.

"Kupambana, amayi."

"Onse amatero." Anatulutsa kathumba ka nsalu yofiira, kosokedwa mbali zonse, nakaika patebulo. "Chithumwa ichi uzichivala pakhosi, Lachisanu lililonse uzichidonthezera wisiki. Chizimba chake n'chimodzi. Makhadi amene wagawiridwa usawataye. Abwino, oipa, usewere mpaka kumapeto, ndipo udzapambana."

"Nanga ndikataya?"

"Chotayidwa chili ndi wotola, mwanangu. Kodi patebulo lako lodyera pamakhala angati?"

Lamont anawerenga ndi zala. "Ine, mkazi wanga, mwana wanga. Msuweni wanga Lamlungu."

"Pansi pake?"

"Galu."

"Ameneyonso amawerengedwa. Ukataya kamodzi, malo amodzi akhala opanda mwini. Wosankha si iwe, komanso si ine."

"Ndilipire zingati?"

"Madola makumi awiri, a nsalu ndi ulusi. Zinazo wolandira ndi wina."

Munthu wanzeru akanathawa chipewa n'kuchisiya pomwepo. Koma Lamont anayang'ana chala chake n'kudziuza kuti chala n'chake, batani lotayira makhadi sadzalikhudza, ndiye vuto lili pati? Analipira.

Zinayenda monga ananenera mayi aja. Makhadi onyansa, oti ngakhale chitsiru chingawataye, kwa Lamont ankasanduka golide khadi lomaliza likatembenuzidwa. M'mwezi umodzi anakonzetsa denga, nagula chotenthetsera chatsopano. Mwezi wachiwiri anagulira Renita galimoto yonyezimira, n'kuiimika poti Wendell aziiona bwino. Tiana anayamba kugona wopanda jekete. Ifenso tinkamuchitira nsanje, ndisaname.

Wendell yekha ndiye sanasangalale. Tsiku lina anakhala kumbuyo kwake ola lathunthu akumuonerera.

"Mphwanga, sunataye n'kamodzi komwe. Munthu sasewera chonchi n'kumapambana. Wapita kuti?"

"Nsanje, achimwene. Imwani madzi."

"Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi," anatero Wendell akuvala jekete.

Chimene Lamont sanachiganizire n'chakuti pa intaneti makhadi satayidwa ndi chala chokha. Ikafika nthawi yako, kompyuta imakupatsa masekondi owerengeka, ndipo ukachedwa imakutayira yokha. Masana ena akusewera, mafuta anayaka pachitofu, Renita anakuwa, iye anathamangira kukhitchini. Pobwerera anapeza makhadi ake atapita. Anatchera khutu kumvetsera nyumba. Kenako Tiana analowa akulira: galu wawo Major anali gone pakhonde, atauma gwa, maso ali tong'o, wopanda bala lililonse.

Lamont anamukwirira kuseri kwa garaja. Anali ndi mantha, mantha enieni. Koma mantha a munthu wadyera sachedwa kupola. Anadziuza kuti galuyo anali wokalamba kale. Anangogula loko wa chipinda chosewerera, n'kulamula kuti akatseka chitseko pasapezeke womuitana, nyumba ipse kaya isapse.

"Bambo a Tiana, mwayamba kundiopsa," Renita anamuuza. "Kathumba kali pakhosipo n'kachiyani? Kamanunkha mowa."

"Ukudya bwino, sichoncho? Ndiye usafunse zambiri."

Mu Januwale kunagwa mvula yozizira ija youndana pa nthambo za magetsi. Lachiwiri masana Lamont anali pa masewera ena ang'onoang'ono, amene mphotho yake si ndalama koma mpando pa mpikisano waukulu wa Lamlungu. Ali ndi makhadi m'manja, magetsi anaphethira, intaneti n'kuduka. Anakuwa ngati wapondedwa ndi galimoto. Pasanathe mphindi ziwiri zonse zinabwerera, koma makhadi amodzi anali atatayidwa kale. Anasewera otsalawo thukuta lili kamukamu, nawina mpandowo osauganizira n'komwe, kenako anatsegula chitseko n'kuthamanga chipinda ndi chipinda. Renita anali bwino. Tiana anali kujambula pansi. Atasuzumira pawindo anaona Wendell atagona chafufumimba pambali pa pikapu yake, chopalira ayezi pagalasi chili m'manja. Achipatala anati ndi mtima.

M'mawa mwake Lamont anali kale ku Gratiot.

"Tengani chinthu chanu, amayi. Sindikuchifunanso."

Mayi Ozella sanasiye kupukuta makandulo. "Chinalawa kale kwanu. Sichibwerera."

"Ndatsala ndi mkazi ndi mwana."

"Ndikudziwa, ndimatha kuwerenga."

"Ndiye nditani? Ndikupatsani galimoto, nyumba, zonse."

"Ndizitani nazo ine? Tangosiya njuga. Wosagawiridwa makhadi alibe choti ataye. Ukuona? Si nkhanza ayi. Khomo lili pululu, ndi anthu inu amene simufuna kutulukapo."

Lamont anatuluka akulira ndi chimwemwe. Kompyuta anaiphwanya ndi nyundo. Pulogalamu ya njuga anaifufuta pafoni. Loweruka tinaika Wendell m'manda, ndipo Lamont ananyamula nawo bokosi, nkhope ili pansi. Lamlungu anapita kutchalitchi koyamba m'miyezi isanu, nakhala pakati pa mkazi wake ndi mwana wake, atawagwira manja onse awiri. Aliyense ankaona kuti munthuyu wapepukidwa.

Mapemphero atatha, Renita ndi Tiana ananyamuka pagalimoto kupita kukadya kwa amayi ake a Renita. Lamont anatsala kuti athandize Dikoni Pruitt kupinda mipando m'chipinda chapansi, n'kunena kuti awatsatira. Nthawi itangokwana thu koloko, foni yake inalira kamodzi. Unali uthenga wa akampani ya njuga, wansangala zedi. Ankati mpikisano waukulu wayamba, mpando wake uli patebulo la nambala 41, ndipo akumufunira mafuno abwino.

Mpando umene ankapinda unagwa m'manja mwake. Pa mpikisano salabadira kuti ulipo kapena kulibe. Ukakhala ndi mpando amakugawira makhadi basi, ndipo ukapanda kuyankha kompyuta imataya, n'kugawanso, n'kutayanso, mpaka zonse zitatha. Ankadziwa zimenezi bwinobwino. Anangoiwala kuti mpando anauwina.

"Mbale Lamont, mwaona mzukwa?" anafunsa a Pruitt.

Lamont anayesa kuikanso pulogalamu ya njuga ija pafoni. Pansipo netiweki sinkagwira. Anakwera masitepe akukwawa ndi manja omwe, natulukira panja wopanda jekete, chipale chofewa chikuwomba m'maso. Pulogalamu ija inkabwerera pang'onopang'ono, kamzere kake kakuyenda ngati nkhono. Mawu achinsinsi analakwitsa kawiri chifukwa zala zinali zitachita dzanzi. Itatseguka, anapeza makhadi awiri akumudikira, masekondi atatsala atatu. Anabetcha. Kenako anayang'ana pambali, pamene pamalembedwa zimene zachitika kale. Makhadi amodzi anali atatayidwa.

Amodzi okha. Ndiye ndani?

Foni inayamba kuitana m'manja mwake, dzina la apongozi ake litaphimba makhadi. Akanayankha, masekondi akanatha. Anaidula. Inaitananso, anaidulanso, misozi ikuundana m'masaya. Kenako uthenga unatulukira pamwamba: galimoto yaterereka pa ayezi, Renita watisiya, Tiana ali mu ambulansi akupuma, muli kuti bambo inu.

Lamont anagwada pamasitepe a tchalitchi n'kupitiriza kusewera. Anthu otuluka ankamudutsa akupukusa mitu. A Pruitt, amene apongoziwo anali atawaimbira, anabwera n'kumugwira phewa.

"Mbale, mkazi wanu wamwalira. Ikani chinthucho pansi, tipite kuchipatala."

"Musandikhudze, adikoni. Chonde musandikhudze."

"Mwazungulira mutu? Mwana wanu akukufunani."

"N'chifukwa chake sindingasiye. Ndipezereni chaja. Batire yatsala pang'ono."

Anayesa kuluza dala kuti atuluke mumpikisanowo. Anaponya zonse zimene anali nazo pa makhadi oipitsitsa, koma anapambana. Anaponyanso, napambananso. Chithumwa chinkagwira ntchito imene anachilipirira. Pa mpikisanowo panali anthu oposa zikwi ziwiri, ndipo kuti uthe panafunika maola asanu ndi anayi.

A Pruitt, posadziwa chochita ndi munthu wotere, anathamangira kugalimoto yawo kukafuna chaja. Batire inkaonetsa kuti yatsala ndi 18 peresenti. Koma aliyense wa kuno amadziwa zimene chisanu cha Januwale chimachita ndi foni yogwiridwa panja. Sichidikira kuti manambala atsike. Makhadi atsopano atangogawidwa, Lamont ali pafupi kudina, galasi la foni linachita bii.

Anaipumira mpweya wotentha, anailowetsa m'malaya, anadina batani loyatsira mpaka chikhadabo chinang'ambika. A Pruitt anafika akuwefumira, chaja ili m'manja, ndipo nthawi yomweyo foni yawo inalira m'thumba. Anamvetsera pang'ono, kenako anavula chipewa: Tiana naye anali atatisiya.

Lamont ali moyo mpaka lero. Nyumba inapita, galimoto nayo inathera pangozi ija. Mukadutsa pa Seven Mile mudzamupeza pamalo odikirira basi, atagwira foni yakufa, chala chikugogoda pagalasi osapuma, ndipo mukamulankhula amakupemphani kuti mudikire kaye, nthawi yake yatsala pang'ono kutha. Kathumba kofiira kakadali pakhosi. Lamlungu amayi a kutchalitchi amamupakulira chakudya chabwino n'kumuikira patebulo la pakona. Timamumvera chisoni tonse, koma palibe amene anakhalapo naye pansi kuti adye naye.

Abale anga, dyera ndi loipa. Wendell ndi pikapu yake yowola anali wolemera kuposa mmene Lamont anadzakhalirapo, chifukwa ankadziwa kuika pang'ono patebulo, zotsalazo n'kusunga kutali. Munthu wofuna kupambana nthawi zonse amaika patebulo ndi zimene si zake zomwe. Chuma chobwera ndi chizimba chimadya m'nyumba mwa mwini wake, ndipo chimayambira pa amene sanapite nawo kwa sing'anga.