Antchito a Bambo Blasius

Choyamba chimene a Modester anaona chinali fumbi. Makina awo osokera, amene sanasunthepo chilowereni mu shopu ya lendi kuseri kwa siteshoni ya Balaka, anali ataima pambali pa zidindo za miyendo yake, ngati anapita kokayenda n'kubwera ataledzera. Loko anali bwinobwino.

M'mawa mwake chidole chimene amaonetserapo madiresi chinapezeka chikununkha girizi. Pashopu yoyandikana, a Hassani ankadandaula kuti matumba awo a simenti akumagona kumanzere n'kudzuka kumanja. Akabaza ochedwa kuweruka ankanong'ona kuti m'nyumba yosungiramo katundu ya a Blasius, eni mashopu onsewo, mumamveka Chingerezi chapamphuno pakati pa usiku.

Anthu, mwa nzeru zawo zija, sanafunse kuti makiyi ena amasunga ndani. Analoza a Fadila, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa pakhonde, chifukwa anali okalamba, ofiira maso ndi utsi, opanda wowalankhulira. Komiti ya pamsika inati pofika Lachisanu achoke.

"Chingerezicho ine ndichidziwira kuti, a Modester?" analira a Fadila. "Ufiti umaphunzitsanso sukulu?"

Usiku wa Lachinayi a Modester ndi a Hassani anabisala kuseri kwa mulu wa njerwa. Sitima ya katundu itadutsa kunangoti zii, ngakhale agalu osauwa. Kenaka mumdimamo wilibala inayamba kulira pang'onopang'ono, kwii, kwii, kupita n'kubwerera, mpaka pansi pa chitseko cha a Blasius panatuluka kuwala.

Anasuzumira pa mng'alu. Anthu anayi ovala maovolosi anali atakhala pa makina, osapuma, osaphethira. Mmodzi analibe mutu. Chipewa chinangokhala pakhosi.

"Astaghfirullah," ananong'ona a Hassani.

"Iyayi, dikirani," anatero a Modester. "Zonsezi ndi zidole. Wopanda mutuyo ndi wanga uja. Ndinamugula ku Limbe."

Anakankha chitseko. A Blasius anali atavala jekete ndi tayi, kumunsi kabudula ndi patapata, akuzungulitsa foni kuonetsa katunduyo kwa munthu wina amene ankalankhula naye pa vidiyo.

"Tsitsani mawu, chonde!" anatero a Blasius. "Uyu ndi munthu wa maviza wa kunja, kwawoko ndi masana. Viza ya anthu abizinesi imafuna uonetse fakitale ndi antchito, ndipo akakupatsa umakatsegula ina kunjako. Ndimangobwereka, kukacha ndimabweza."

"Mayi aja akuthamangitsidwa mawa, inu mukudziwa, muli chete?" anafunsa a Modester.

"Ndikanawatumizira kenakake ndikafika."

Kutacha, komiti itamva nkhaniyo inati a Fadila akhoza kukhala. Khamu linabweradi kusiteshoni, koma osati kudzapepesa: linafola pakhomo pa a Blasius kupempha nambala ya munthu wa mavizayo. A Fadila anayala zitumbuwa zawo pomwe paja, ndipo ofolawo ankawalambalalabe, akunong'onezana kuti chidole sichingakhale pa makina usiku wonse popanda wochikhwimira.