Chingwe cha a Stoil

Izi zinachitikadi. Nevena Radeva anaziona ndi maso ake, ndipo mayi Ganka okolopa m'maofesi akadali moyo, mukhoza kuwafunsa.

Mumzinda wa Ruse, pansi pa ofesi ya kampani ina ya malole, kunali chipinda chopanda zenera momwe munali maseva awiri, makompyuta aakulu oyendetsa ntchito za kampaniyo. Amene anawalumikiza anali a Stoil, katswiri wa makompyuta pakampanipo, ndi chingwe chopanga okha, mawaya ake atawapingasa kuti makinawo azilankhulana popanda mkhalapakati. Seva imodzi inkafunsa, "Ulipo?" inzake n'kuvomera. Ina ikati zii, yotsalayo inkasenza ntchito yonse nthawi yomweyo.

A Stoil anagwa m'chipinda momwemo Lachisanu masana, mtima utasiya kugunda. Palibe anawafunafuna. Anawapeza Lolemba. Bwana Mihnev kumaliro sanapite, ati kunali msonkhano.

Mwezi usanathe, bwanayo analamula Nevena, amene a Stoil anamuphunzitsa ntchito, kuti achotse seva imodzi ikagulitsidwe.

Nevena anatsikirako m'mawa. Anaizimitsa, anazula chingwe, n'kuikokera panja. Pobwerera anamva fungo la fodya wa a Stoil ndi khofi wozizira. Mafani oziziritsa makina ankalira monga mwa masiku onse. Nsonga ya chingwe inali pasimenti, yosalowa paliponse. Koma kanyali ka seva yotsalayo kankaphethirabe. Pasikirini mayankho ankangobwera.

Anatola chingwecho. Chinali chofunda. Chinkagunda, n'kulekeza, n'kugundanso.

Anakaitana bwana. Mayi Ganka anatsatira, chokolopera chili m'manja.

"Chibwana chanjinso ichi, iwe?" anatero a Mihnev. "Akuyankha ndani?"

"Afunseni nokha, bwana," Nevena ananong'ona. "Paja Lachisanu lija simunafunse."

Bwana anatola pulayazi. Anadula chingwecho. Kanyali kanazima. Mafani anaima.

Kuseri kwa mashelufu, pomwe anawapeza a Stoil paja, munthu anakhosomola. Kamodzi.

Kanyali kanayakanso.

Tsiku lomwelo Nevena anachotsedwa ntchito, mlandu wake ati kuseweretsa bwana. Kalata yomuchitira umboni anamumana. Kampani inagula makina atsopano, seva yotsala ija anaizula kumagetsi, chipindacho n'kuchikhoma.

Mayi Ganka amakolopa kulekeza pachitseko. Akuti kunsi kwa chitsekocho kuwala kobiriwira kumaphethirabe, pang'onopang'ono, ndipo nsapato za a Mihnev zikamveka pamasitepe, kumafulumira.