Chingwe cha Mfundo Ziwiri

Chester ananyamuka pa Chinakanaka dzuwa litalowa kale, ndipo chomuchedwetsa sichinali china koma kunyada. Pikapu yake yonyamulira nanazi anali ataikweza m'mwamba, masana amenewo n'kuiveka matayala a mainchi 35, oti munthu wamfupi akaima pambali ankaoneka ngati wabwera kudzapempha ganyu. Anthu anaunjikana kudzaona, iye n'kumangoizungulira mpaka kuiwala nthawi. Komabe tisamunamizire, chifukwa chake chinali chomveka. Mkazi wake Patricia anali wotopa, masiku atatsala owerengeka, ndipo kwawo kunali kumtunda, m'tsinde mwa phiri, komwe msewu umasanduka phala mvula ikagwa. Ankafuna galimoto yoti tsiku la tsikulo isadzatitimire m'matope. Marimu okha, zitsulo zovekapo matayala, anasiya akale omwewo, poti wogulitsa matayala anamuuza kuti tayala likangolowa pa rimu, nkhani yatha.

Chiperoni chinamupeza atadutsa minda ya tiyi. Pa kona ya pamlatho, pomwe msewu umakhota mwadzidzidzi, anapotokola chiwongolero mpaka kumapeto, ndipo kutsogolo kunamveka khwee... khwee... Anaima. Anayesanso. Khwee! Mtima unamukaniza kupitirira. Foni inalibe netiweki, choncho anakhoma zitseko n'kuuyamba wapansi, makilomita anayi okwera okhaokha.

Patsogolo pang'ono pali galaja yakale ya esiteti ina, yopanda denga, yomwe anthu amaidutsa mofulumira ngakhale masana. Atafika pamenepo anamva chitsulo chikugwa pa simenti. Ngwee! Anaima. Zii. Anaponya mapazi atatu. Ngwee! Anayatsa tochi ya pafoni... Munthu! Ataima pakati pa msewu.

Anali mkulu wamfupi, wa ovolosi yofwifwa, m'khosi atakolekamo kachingwe kakuda ndi girizi. Sanapereke moni.

"Achimwene, mwana mwamugulira nsapato osamuyeza phazi. Tiyeni tibwerere."

Chester anafuna kuthawa, koma miyendo inangotsatira yokha. Mkuluyo ankayenda patsogolo mu mdima wa ndiweyani osapunthwa, osaterereka. Atafika pagalimoto anamuuza Chester aijeke, achotse tayala lakutsogolo, aligoneke chafufumimba. Apa mantha anayamba kupatukira chidwi, pakuti manja a mkuluyo anali manja odziwa. Anazula thabwa lomwe linakhwefuka pamlatho, naligoneka mopingasa pa mlomo wa kumbuyo wa rimu, kenaka anatsitsa kachingwe kaja kuchoka pa thabwa kufika pomwe rimu imakumana ndi habu, chitsulo chomwe rimuyo imamangidwirapo. Kachingweko kanali ndi mfundo ziwiri. Kuya kwa rimu kunapitirira mfundo zonse ndi zala ziwiri.

Anafotokoza modekha, ngati akuphunzitsa mwana kugwira khasu. Anati rimu ikazama kwambiri kumbuyo, tayala limalowa m'kati n'kumakhula zitsulo. Ikaperewera pa mfundo yoyamba, tayala limatulukira kunja, limadya madigadi n'kupha mabeling'i. Malo ake ndi pakati pa mfundo ziwirizo, basi. Anatinso tayala lonenepa pa rimu yopyapyala limatupa m'mbali ngati chitumbuwa, ndipo kukweza galimoto kumangopatsa malo kumwamba, osati m'mbali. Chester anali atamva amakaniko ambiri, aphokoso ndi achingerezi chambiri, koma anali asanaonepo munthu woyeza chitsulo mwaulemu chonchi. Anamusirira.

Kenaka mkuluyo anamugwira dzanja. Kuzizira kwake! Ngati mwala wa mumtsinje wa Likhubula. Analilowetsa kuseri kwa habu n'kumugwiritsa paipi ya mabuleki. Inali itaperepeseka, yatsala ngati khoko la anyezi. Tayala lokongola lija ndi lomwe linkaidya pa kona iliyonse.

"Lachinayi mudzatsika ndi mayi pano, mvula ikugwa. Kona iyi sikhululuka."

Chester anali asanamutchulirepo za mkazi wake. Mkuluyo anapitiriza kumuuza kuti apite pa Chonde, pa shopu ya zitsulo ya mayi wina dzina lake Rosie. Kuseri kwa shopuyo, pansi pa malata akale, kuli marimu anayi a mainchi asanu ndi atatu m'lifupi. Pamenepo aveke matayala a 31, a 35 akabweze. Anavula kachingwe kaja namukoleka Chester m'khosi.

Chester anawerama kuti atole sipanala. Podzuka... palibe munthu. Anawalitsa tochi uku ndi uku. M'matope munali mapazi a munthu mmodzi yekha. Ake.

Sakumbuka mmene anafikira kunyumba. Sanamuuze Patricia za mkulu uja, anangoti galimoto yavuta. M'mawa mwake anakwera kabaza mpaka pa Chonde. Mayi Rosie anali otanganidwa ndi makasitomala, anangomulozera kuseri. Marimu analipodi, anayi, adzimbiri pang'ono koma osapindika. Anawayeza ndi chingwe, ndipo kuya kwake kunagwera pakati penipeni pa mfundo ziwiri zija. Atafika nawo pamlatho pomwe anasiya galimoto, anasintha paipi ya mabuleki n'kuveka matayala a 31, anabweza matayala akuluakulu aja, ndipo anzake pa Chinakanaka anamuseka kuti njovu yasanduka mbuzi. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Lachinayi madzulo mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka, ndipo matenda a Patricia anayamba. Anatsika phiri galimoto ikuvina m'matope koma osatitimira. Pa kona ya pamlatho anapeza mtengo utagwera mbali imodzi ya msewu. Chester anaponda mabuleki ndi mphamvu zake zonse, n'kupotokola chiwongolero mpaka kumapeto. Panalibe khwee. Galimoto inamvera, inadutsa pakati pa mtengo ndi phompho. Kusanache, ku chipatala cha Mishoni kunabadwa mwana wamkazi.

Patatha sabata Chester anatenga tambala wamkulu ndi nanazi zisanu n'kubwerera pa Chonde. Anafunsa Mayi Rosie komwe amakhala mkulu wa ovolosi amene anamutuma kwa iwo, kuti akamuthokoze ndi kumubwezera chida chake. Anatulutsa kachingwe kaja n'kukaika pa kauntala.

Mayi Rosie anakayang'ana nthawi yaitali osakagwira. Kenaka anakhala pansi pa mulu wa matayala. Anati chingwecho n'cha bambo awo, a Mikaeli, omwe anabwera kuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, nthawi ya nkhondo nagwira ntchito mu galaja ija zaka makumi awiri. Sankadziwa kuwerenga manambala a pa tepi, n'chifukwa chake anamanga mfundo. Tsiku lina anakana kuveka matayala akuluakulu pa galimoto ya bwana wina, bwanayo anakavekera kwina, ndipo madzulo ena anawapatsa a Mikaeli lifiti. Paipi ya mabuleki inaduka pa kona ya pamlatho. Marimu anayi aja ndi omwe bambowo anali atamusankhira bwanayo.

"Papita zaka khumi ndi chimodzi. Chingwechi ndinachiika ndekha m'bokosi lawo la maliro, m'manja mwawo."

Tambala analira pansi pa kauntala. 

"Ndiuzeni chinthu chimodzi, achimwene," anatero Mayi Rosie, misozi ikutsika. "Mabuleki anagwira?"

"Anagwira, mayi."

Apo m'pamene anatambasula dzanja, natenga chingwe cha bambo awo.